Yamaha PSR-E373: kodi ingathandize agogo ophunzitsa limba ku Kasungu kuno?

M'mipingo yakale ya m'boma la Kasungu, makamaka ya CCAP pansi pa Sinodi ya Nkhoma, mudakali amayi achikulire amene anaphunzira kuimba limba lopopa ndi mapazi ali atsikana, ndipo mpaka lero amakhazika ana pansi n'kuwaphunzitsa nyimbo za m'buku. Ambiri a iwo malimba awo anadyedwa ndi njenjete ndi makoswe kalekale. Tsono ana awo akasonkherana ndalama, kapena amayi a Chigwirizano akafuna kuwapatsa mphatso, funso limakhala lakuti agule chiyani. Kiyibodi imene imatchulidwa kawirikawiri ndi Yamaha PSR-E373, yomwe inatuluka mu 2020. Pano tikuiunika pa ntchito imodzi yokha: kuphunzitsira mwana nyimbo za kutchalitchi kunyumba, mphunzitsi wake ali munthu wamkulu, ndiponso kutsogolera nyimbo pa mlaga kapena pa mapemphero a Lachinayi. Za bandi ndi zojambula ku situdiyo sitikhudzako.

Kiyibodiyi ili ndi makiyi 61, ndiye kuti ma okitevu asanu. Piyano yeniyeni imakhala ndi makiyi 88. Anthu ena amaiderera chifukwa cha zimenezo, koma pa nyimbo za mawu anayi kuchepako sikuvuta. Besi ya m'buku la nyimbo siitsika kupyola kiyi yomaliza ya kumanzere, ndipo sopulano imasiya makiyi ambiri kumanja osawakhudza. C wapakati ndi C wachitatu kuwerenga kuchokera kumanzere, ndipo agogo amene anazolowera limba sasokonezeka, chifukwa malimba ambiri a m'mishoni analinso a ma okitevu anayi kapena asanu. Imalemera makilogalamu 4.6, kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 95. Mdzukulu wa Sitandade 7 amainyamula m'khwapa, ndipo pa kabaza imayenda bwinobwino ngati mwaikulunga m'bulangete. Musaimange ndi mphira modutsa pamwamba pa makiyi. Mphira umapanikiza makiyi akuda kumbali, ndipo pulasitiki yake ikang'aluka pa tsinde, kiyiyo imayamba kugwedera.

Chimene chimaipatsa mtengo wake ndi chakuti makiyi ake amamva mphamvu ya chala. Mukadina pang'ono mawu amatuluka otsika, mukadina mwamphamvu amakwera. Mng'ono wake, PSR-E273, alibe zimenezi, ndipo m'sitolo ziwirizi zimaoneka ngati zofanana kwa munthu wosadziwa. Musapusitsidwe ndi kutsika kwa mtengo. Mwana wophunzirira pa makiyi osamva mphamvu amakula akumenya makiyi onse mofanana, ndipo pa nyimbo ya mawu anayi izi zimaipa msanga: dzanja lamanzere limaphimba sopulano, mpingo n'kusowa poyambira. Pa E373, mukalowa mu FUNCTION, batani lochunira kiyibodiyi, mumapeza njira zinayi za kamvedwe ka makiyi: Soft, Medium, Hard ndi Fixed. Kwa agogo amene zala zawo zinagwidwa ndi nyamakazi, Soft ndiyo yabwino, chifukwa mawu amakwera popanda kugwiritsa ntchito mphamvu. Kwa mwana, isiyeni pa Medium. Fixed imapangitsa kiyi iliyonse kulira mofanana, ndipo ndi yoyenera pokhapokha mwasankha mawu a limba, popeza limba lenilenilo silimva mphamvu ya chala.

Makiyiwa ndi opepuka, ali ndi sipuling'i, alibe nyundo ngati piyano. Kwa mphunzitsi wa zaka za m'ma 70 kapena 80 kupepukako ndi mwayi. Munthu amene sangathenso kukhala ola lonse pa piyano yolemera amatha kuphunzitsa ana atatu motsatizana popanda mfundo za zala kutupa. Kwa mwanayo, kupepukako kumadzamulipiritsa m'tsogolo. Akadzakhala pa piyano yeniyeni, monga ikapezeka pa sukulu kapena m'tchalitchi chachikulu ku Lilongwe, chala chachinayi ndi chachisanu zimalephera kutsitsa kiyi mpaka pansi. Ngati cholinga cha banja n'chakuti mwana adzalembe mayeso a piyano, E373 imufikitsa pa chiyambi chokha, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu padzafunika chida cha makiyi 88 olemera ngati Yamaha P-45. Koma P-45 imalemera makilogalamu 11.5, ili ndi mitundu 10 yokha ya mawu, ndipo siyendera mabatire. M'midzi ya ku Chulu kapena ku Santhe imene ili kutali ndi mawaya a ESCOM, mfundo yomalizayo ndiyo imathetsa mkangano.

Tikambe za magetsi, popeza makiyibodi ambiri kuno amafera pamenepo. E373 imayendera adaputa ya 12V, mtundu wa PA-130, kapena mabatire asanu ndi limodzi a AA. Imadya magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi mawati 5. Vuto limabwera adaputa yake ikatayika kapena ikapsa, munthu n'kupita kumsika kukagula iliyonse imene mutu wake ukulowa pabowo. Kulowa pabowo si umboni. Pa adaputa iliyonse pamakhala kachithunzi kosonyeza ngati pakati pa mutu pali + kapena pali −. Yamaha imafuna + pakati. Ma adaputa a 9V a makiyibodi akale a Casio ali ndi − pakati, ndipo ma adaputa ochuna mphamvu aja amakhala ndi kaswitchi kotembenuza mbali ziwirizi, komwe mwana amatha kukasuntha posewera. Mukalakwitsa, mwayi wanu ukakhala wabwino kiyibodi imangokana kuyaka. Ukakhala woipa, mumva fungo la kupserera ndipo bolodi lamkati lapita. Werengani zinthu ziwiri musanalipire: 12V, ndi + pakati.

Amene ali ndi sola amakonda kulumikiza kiyibodi mwachindunji ku batire lalikulu, poti nalonso linalembedwa 12V. Batire likamatchajidwa masana limakwera kupyola 14V. Dutsitsani magetsiwo pa kachipangizo kowasunga pa 12V, kapena gwiritsani ntchito inveta ndi adaputa yeniyeni. Magetsi a ESCOM akathima, zulani adaputa pakhoma, chifukwa amawononga zinthu pobwera, osati pothima. Chimodzimodzi nyengo ya dzinja kukayamba ziphaliwali. Pa mabatire a AA, musasakanize atsopano ndi akale, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito otchajanso a Ni-MH, muiuze kiyibodiyo mu FUNCTION, chifukwa ili ndi posankhira mtundu wa batire. Mukapanda kutero imawerenga molakwika mphamvu yotsala. Mabatire otsika mtengo a m'wailesi sakhalitsa, ndipo akatha amachucha madzi odya zitsulo. Kiyibodi ikakhala kuti siigwira ntchito mwezi wathunthu, achotseni.

Pali kanthu kena kamene kachititsa manyazi oimba ambiri pamaso pa mpingo. Kiyibodiyi imazima yokha ikakhala mphindi 30 osakhudzidwa. Ulaliki wa kwathu kuno nthawi zambiri umapyola pamenepo. Abusa akati "tiimbe nyimbo", agogo n'kudina, kuli zii, ndipo zina zimene anachuna zabwerera mwakale. Kuti muletse zimenezi, gwirani kiyi yomaliza ya kumanzere poyatsa kiyibodiyo, kapena zimitsani Auto Power Off mu FUNCTION. Pa mabatire ndi bwino kuisiya momwe ilili, kungokumbukira kuyatsa ulaliki ukamapita kumapeto.

Mawu ake alipo 622, koma pa ntchito iyi ofunika sapyola anayi. Mawu a piyano ndi abwino kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo pali batani lolembedwa PORTABLE GRAND limene limabweza chilichonse ku piyano yokha. Batani limeneli ndilo bwenzi la agogo. Ana akasewera nayo n'kusiya ng'oma zikulira, kudina kamodzi kokha zonse zimatha. Mawu a limba la mapaipi ndi a limba lopopa aliponso, ndipo ndiwo amagwira mpingo bwino pa nyimbo zodekha, chifukwa salekeza malinga chala chili pa kiyi, pomwe mawu a piyano amazilala. Imatha kuliza manotsi 48 nthawi imodzi, zomwe n'zokwanira ngakhale mutaponda pedulo, chopondera chimene chimapitiriza mawu chala chitachoka pa kiyi. Masipika ake ndi awiri, a mawati 2.5 iliyonse. M'chipinda chochezera kapena pa gulu la amayi 20 amamveka. M'tchalitchi cha malata chodzaza anthu amamira pa vesi yoyamba, ndipo mukakweza mpaka kumapeto, mawu a besi amayamba kunjenjemera.

Polumikiza ku ampulifaya, dziwani kuti kumbuyo kuli bowo limodzi lokha lotulutsa mawu, lolembedwa PHONES/OUTPUT, ndipo mukalowetsamo nthambo masipika ake amazima. Ngati sipika ya tchalitchi ili kutali, woimba amadzimva mochedwa, choncho muikireni kasipika pafupi. Bowolo ndi la sitiriyo, la mamilimita 6.35. Nthambo ya gitala, ya mzere umodzi pamutu, imatenga mbali imodzi yokha ya mawu, ndiye piyano imamveka yopyapyala. Funani nthambo ya mizere iwiri pamutu imene imagawikana pawiri kumapeto kwina. Yatsani kiyibodi poyamba, ampulifaya pambuyo. Pozimitsa yambani ndi ampulifaya. Mukasemphanitsa, phokoso lija la "phu!" limapweteka masipika.

Tsopano ku phunziro lenilenilo. Chinthu chimene chimaisiyanitsa ndi limba lakale ndi Duo. Mukaiyatsa, kiyibodi imagawika pakati, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi C wapakati wakewake. Agogo amakhala kumanzere, mwana kumanja, onse akuimba manotsi amodzimodzi pa msinkhu umodzi. Mwana amaona chala cha agogo chikudutsa pansi, iye n'kutengera pomwepo, popanda kusinthana mpando. Izi zimathandiza kwambiri pophunzitsa kayendedwe ka zala. Pa sikelo ya C, powerenga zala kuyambira chachikulu ngati 1, dzanja lamanja limayenda 1, 2, 3, kenako chala chachikulu chimadutsa pansi n'kupitiriza 1, 2, 3, 4, 5. Pa sikelo ya F zimasintha: 1, 2, 3, 4, kenako 1, 2, 3, 4, chifukwa chala chachinayi chiyenera kugwera pa kiyi yakuda ya B♭. Ana ophunzira okha pa foni amalumpha zimenezi, ndipo mumawadziwa ndi dzanja lodumphadumpha pakati pa mzere wa nyimbo. Duo ili ndi malire ake: aliyense amatsala ndi ma okitevu awiri ndi theka, ndiye nyimbo ya manja awiri siikwana. Ikafika nthawi ya manja awiri, izimitseni.

Aphunzitsi achikulire ambiri amawerenga sofa, d r m f s l t, njira imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni anabwera nayo kuno. Mu sofa, d amasuntha malinga ndi kiyi yolembedwa pamwamba pa nyimbo. Lero d ali pa F, nyimbo yotsatira ali pa A♭. Apa ndi pamene pali msampha waukulu wa kiyibodiyi, womwe ndi Transpose. Imakweza kapena kutsitsa mawu ndi masitepe mpaka 12 mbali iliyonse. Mwana akazindikira kuti angathe kuimba nyimbo zonse pa makiyi oyera a C n'kungodina +5 kuti zimveke ngati F, saphunziranso kiyi ina iliyonse moyo wake wonse. Oimba otere adzaza m'makwaya, ndipo amadziwika tsiku limene kwaya yasintha kiyi pakati pa nyimbo, kapena apatsidwa chida chopanda bataniyo. Ntchito yoyenera ya Transpose ilipo. Mapemphero a mmamawa mu Juni, mawu a anthu asanatseguke, agogo angatsitse nyimbo ndi −1 kapena −2 kuti amayi asavutike kumwamba. Imeneyo ndi ntchito ya mphunzitsi. Wophunzira asaikhudze mpaka atatha kuimba nyimbo imodzi mu C, G, F, D, B♭ ndi E♭ ndi zala zake.

Msampha wachiwiri ndi masitayilo 205, ma biti oimba okha aja. Mukawayatsa, chala chimodzi kumanzere chimaliza ng'oma, besi ndi gitala. Pa kwaya ya achinyamata amasangalatsa, ndipo sitikuwanyoza. Koma pa nyimbo za m'buku amalimbana ndi mpingo, chifukwa mpingo umapuma kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo biti siidikira munthu. Kwa wophunzira, dzanja lamanzere limasanduka lodinira basi, osadziwa kuyendetsa tena ndi besi. Kunena zoona, theka la mabatani a kiyibodiyi likadakhala ndi loko, ikadakhala chida chabwino koposa chophunzitsira. Maphunziro oikidwiratu mkati, pamodzi ndi nyimbo zake 154, nawonso phindu lake ndi lochepa kuno. Nyimbozo ndi zachilendo, malangizo ali m'Chingerezi, ndipo makinawo amangoona zimene zikuchitika pa makiyi. Saona kuti mwana wapinda msana kapena wagwetsa dzanja.

Metronome yokha, kaphokoso kogunda mofanana kosungitsa liwiro la nyimbo, ndi yofunika tsiku lililonse. Ikani pa 60, mwana aimbe dzanja lamanja lokha mzere umodzi mpaka ayende kanayi osalakwa, kenako lamanzere lokha, kenako onse pamodzi pa liwiro lotsikirapo, ngati 50. Kwezani ndi manambala anayi kapena asanu pa nthawi. Phunziro la mphindi 30 ndi lokwanira kwa mwana wa pulayimale, ndipo mphindi 15 tsiku lililonse kunyumba zimaposa maola awiri Loweruka lokha.

Mbali imene anthu ambiri saigwiritsa ntchito, chonsecho ndiyo ya mtengo wapatali, ndi yojambula. Kiyibodiyi imasunga nyimbo zisanu, iliyonse pa matiraki awiri. Agogo angajambule dzanja lamanja pa tiraki ina, lamanzere pa inzake. Mkati mwa sabata mwana amazimitsa tiraki ya dzanja limene akuphunzira n'kumaimba pamodzi ndi dzanja linalo la agogo. Malo ndi ochepa, manotsi pafupifupi 10,000 onse pamodzi, choncho jambulani vesi imodzi pa nyimbo iliyonse. Ndipo popeza aphunzitsi amenewa amaimba zinthu zosalembedwa m'buku, monga mmene mpingo wa kwawo umakokera mzere wachitatu kapena mmene amalowetsera vesi yotsatira, banja lanzeru lingasamutse zojambulazo. Bowo la USB TO HOST limatumiza mawu ku kompyuta kapena ku foni. Pamafunika nthambo ya mtundu wa pulinta ndi kolumikizira ku foni. Zikasamutsidwa, malo asanu aja mungajambulemo zina.

Pa maso a munthu wamkulu, Yamaha sinaganize mokwanira. Kagalasi kake kamawala, koma ndi kakang'ono, ndipo malemba a pa mabatani ndi aang'onoang'ono. Matani tepi yoyera pafupi ndi mabatani anayi okha, loyatsira, PORTABLE GRAND, METRONOME ndi lojambulira, mulembepo ndi zilembo zazikulu. Mawu a limba amene agogo amakonda asungeni mu Registration Memory, yomwe ili ndi malo asanu ndi anayi, kuti asamafufuze pakati pa manambala mazanamazana. Choikapo buku chimabwera nayo, koma ndi chopepuka. Buku la nyimbo lokhuthala limadzitseka lokha, ndiye zopanira zovala ziwiri zimathandiza.

Pedulo, choikapo kiyibodi ndi mpando mumagula padera. Pedulo ya Yamaha FC5 ndi yaing'ono ndipo imathawa pa simenti yosalala. Ikani kachidutswa ka mphira pansi pake. FC4A ndi yooneka ngati ya piyano ndipo imakhazikika. Ilowetseni kiyibodi isanayake, ndipo musaiponde poyatsa. Mukaiponda, imagwira ntchito chagada: mawu amapitirira mwendo uli m'mwamba, n'kuduka mukaponda. Ambiri amathamangira kwa okonza, chonsecho mankhwala ake n'kuzimitsa ndi kuyatsanso. Pedulo ya kampani ina ikachita zomwezo nthawi zonse, funani yokhala ndi kaswitchi pansi. Choikapo cha miyendo yopingasa chimagwedera ndipo chimagunda mawondo a munthu wovala chitenje. Tebulo lolimba la kwa kalipentala ndi labwino, bola pamwamba pa makiyi pakhale masentimita 70 mpaka 75 kuchokera pansi, ndipo mpando ukhale woti chigongono ndi dzanja zikhale pa mzere umodzi. Mwana wamfupi muikireni njerwa kapena kabokosi kumapazi.

Mdani wamkulu ku Kasungu ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala. Pansi pa kiyi iliyonse pali kamphira kokhala ndi timadontho tiwiri takuda, ndipo kiyibodi imayeza nthawi ya pakati pa kugunda kwa koyamba ndi kwa kachiwiri kuti idziwe mphamvu ya chala. Fumbi likalowa pa kadontho kamodzi, kiyiyo imalira mokuwa nthawi zonse, kapena imangoti chete. Si kufa kwa kiyibodi. Wokonza wodziwa amatsegula, n'kupukuta timphirato ndi bolodi lake ndi thonje lonyowetsa mu isopropyl, mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi, basi. Musalole kuti athiremo mafuta, palafini kapena mankhwala opopera mphemvu. Mphemvuzo zimakopeka ndi nyenyeswa, ndiye mandasi ndi tiyi zikhale kutali. Nsalu yophimba ikhalepo nthawi zonse, ndipo musaisiye pa windo la dzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Pogula, ambiri amatsika mseu wa M1 kupita ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Mitengo yakhala ikusintha kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho funsani m'masitolo angapo, ndipo funsani ngati adaputa ili m'bokosi momwemo. Mu 2024 kunatuluka PSR-E383 yolowa m'malo mwake, yomwe inawonjezera mawu ndi masitayilo. Pa ntchito ya nyimbo za m'buku kusiyana kwake n'kochepa, ndiye tengani imene yatsika mtengo. Casio CT-S300 ndi yopepukirapo, makilogalamu 3.3, makiyi ake amamvanso mphamvu, koma mawu ake a piyano ndi a limba safika pa a Yamaha. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, musalipire musanadine makiyi onse 61, kamodzi pang'onopang'ono, kachiwiri mwamphamvu, mukumvetsera kiyi yokuwa kapena yachete. Gwedezani mutu wa adaputa pabowo. Ikazima, bowolo linamasuka pa bolodi. Tsegulani mosungira mabatire muone ngati mulibe dzimbiri kapena ufa woyera, yesani bowo la pedulo ndi la mahedifoni, ndipo tembenuzani kiyibodiyo muwerenge chikwangwani cha pansi: dzina la mtundu ndi nambala yake ziyenera kufanana ndi zimene zili pabokosi ndi pa lisiti.